Mwana Uyu Ngwa Mtundu Wanji?

Ulaliki wa pa Eksodo 2:1-10, wolalikidwa ku Avondale, Lusaka

Nkhani ya khanda lopezedwa m'bango tinaiphunzira tonse tiri ana, ndipo cifukwa ca kuizolowera tayamba kuiyesa nthano yokoma ya pamoto madzulo. Koma mutu woyamba wa Eksodo, umene utsogolera nkhaniyi, uli woopsa. M'menemo timva za mfumu imene inawerenga anthu a m'dziko lace monga mwa mitundu yao, niona kuti mtundu wina ucuruka, nilamula kuti ana aamuna a mtundu umenewo aponyedwe m'mtsinje. Farao sanadane ndi ana onse ai. Ana a Aaigupto anabadwa masiku omwewo, nasambitsidwa, nayamwa mumtendere. Colekanitsa khanda losungidwa ndi khanda la ng'ona cinali funso limodzi lokha, lofunsidwa pakhomo pa cikuta: mwana uyu ngwa mtundu wanji?

Tsono taonani mwana wamkazi wa Farao. Potsegula kadengu kaja iye sanapusitsidwe. Malembo atiuza kuti anazindikira pomwepo kuti mwanayo ngwa Ahebri, nanena comweco pamaso pa adzakazi ace. Lamulo la atate wace analidziwa bwino. Anadziwanso kuti Ahebri ndiwo akapolo oumba njerwa, anthu onyozeka, amene Mwaigupto sakadadya nao m'mbale imodzi. Koma mwana analikulira, ndipo mkaziyo anagwidwa cifundo. Gwirani bwino mfundo iyi, pakuti ulaliki wonse waima pamenepa: mtundu wa mwana anaudziwa, koma sanalole kuti mtunduwo ukhale muyeso wa cifundo cace.

Ife a m'mzinda uno sitisowa kupita ku Aigupto kukafuna citsanzo ca funso la Farao, pakuti Lusaka anamangidwa pa funso lomwelo. Pamene likulu la Northern Rhodesia linacotsedwa ku Livingstone ndi kubwera kuno m'caka ca 1935, malo okhala anagawidwa monga mwa khungu. Pamtunda pa Ridgeway ndi ku Rhodes Park, ndipo pambuyo pace ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kunali kwa Azungu. Amwenye anali pafupi ndi masitolo ao. Makaladi anapatsidwa Thorn Park. Ife tinapatsidwa Kabwata, ndi timanyumba tozungulira ta cipinda cimodzi tofolera udzu, tokwanira mwamuna mmodzi ndi mphasa yace, popeza boma linayesa munthu wakuda mlendo m'tauni, wobwera ndi citupa kudzagwira nchito, wosiya mkazi ndi ana kumudzi. Tina ta timanyumbato tiripobe lero, pamene osema ziboliboli agulitsira alendo. Ana athu amene aphunzira pa Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls adziwe kuti masukulu amenewo anali kuchedwa Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, ndi kuti agogo ao sakadaloledwa kukhala pa mabenci ace.

Nanga mwana wosowa womlera m'dziko logawidwa cotero anali kuona zotani? Zinali kutsata khungu lace.

Akakhala Mzungu, ndalama zinali kupezeka msanga, pakuti olamulira anaciyesa camanyazi kuti mwana woyera aoneke wausiwa pamaso pa anthu akuda. Ndipo sanalekeze pa ana obadwira kuno. Kuyambira 1946 kufikira 1962 kunali sukulu yochedwa Rhodesia Fairbridge Memorial College pa Induna, pafupi ndi Bulawayo, kumene ana oposa 250 anabwera nao pa zombo kucokera ku Britain, kuti akulire m'dziko lino la Africa ndi kuonjezera ciwerengero ca Azungu. Anawo sitiwaimba mlandu, pakuti iwonso analawa zowawa, ambiri anasiya makolo amoyo, ndipo m'caka ca 2010 Gordon Brown, nduna yaikuru ya Britain, anapepesa kwa ana onse otumizidwa kunja mwa njira imeneyo. Koma lingalirani ici: zaka zomwezo, zimene kuyambira 1953 tinali pansi pa boma limodzi la Federation ndi Bulawayo, panapezeka cuma coolotsera mwana woyera nyanja yamcere, pamene mwana wamasiye wa ku Kabwata anali kungouzidwa kuti thandizo lace liri kumudzi.

Mau akuti munthu wakuda ali ndi mudzi wace sanali onama konse. Makolo athu analibe nyumba zosungira ana amasiye cifukwa sanazisowe. Kwa ife mbale wa amai ali amai aang'ono kapena amai aakuru, mbale wa atate ali atate. Mwana akafedwa anali kungosamutsa mphasa yace kucoka khomo ili kunka khomo ilo, m'mudzi womwewo, pakati pa nkhope zozolowereka. Koma boma linakonda mwambo umenewu cifukwa unali wosalira ndalama. Msonkho unacotsa amuna m'midzi kuwapititsa ku migodi ya mkuwa, ku Salisbury ndi ku Joni. M'midzi munatsala nkhalamba ndi akazi. Ndipo mudzi womwewo, umene unalandidwa manja ace, ndiwo unauzidwa kuti usenze amasiye onse. Cobvuta koposa cinali khanda limene amace amwalira pobereka, popeza phala silingalowe m'malo mwa bere. Kuno kwathu ena amene anatola makanda otere anali masisitere a ku Kasisi, pa mishoni imene Bambo Jules Torrend anatsegula m'caka ca 1905. Nyumba ya ana inayamba mu 1926, ndipo mu 1928 anafika masisitere a ku Poland amene anaigwira nchitoyo mibadwo yotsatana. Kucokera pano pa Avondale si patali. Mungopitirira bwalo la ndege. Tisiyana nao Aroma pa ziphunzitso zina, koma pa ici tiyenera kubvula cipewa.

Koma mwana amene funso la Farao linamlasa koposa ndiye wobadwa kwa atate Mzungu ndi amai wakuda. Ana otere anali ambiri, makamaka kuzungulira Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, kumene kunali mabwana a boma, amalonda ndi alimi a fodya. Ena a azibambo amenewa anakwatira ndithu mwa mwambo wathu, pamaso pa ankhoswe; koma lamulo la Angelezi silinawerenge ukwati wotere, cotero mwana sanayesedwe wa mtundu wa atate wace. Bwana akabwerera kwao, kapena akabwera ndi dona wa mtundu wace, mwana anali kutsala pakati pa njira. Kwa Azungu anali wakuda. Kumudzi anzace anali kumseka tsitsi. Maboma a maiko athu anakangana zaka zambiri za dzina loti amuche. M'caka ca 1929, pa mlandu wa ku Blantyre, woweruza Haythorne Reed anagamula kuti munthu wobadwa kwa atate Mmwenye ndi amai wakuda sayenera kuwerengedwa pamodzi ndi eni dziko, ndipo ciweruzo cimeneco cinautsa makalata osatha pakati pa Zomba, Livingstone ndi London. Akuru a maiko analikutsutsana za dzina, ana analikukula. Ena anatumizidwa kutali, ku masukulu a makaladi okha monga Embakwe pafupi ndi Plumtree, nabwerako odziwa Cingelezi, koma ocita manyazi kuyankha amao m'cinenero ca amao. Mai wina wobadwira m'dziko lino, Juliette Milner-Thornton, amene ali mdzukulu wa banja lotere, analemba buku la mbiri yao m'caka ca 2012.

Kwa anansi athu a ku Congo zinaipa koposa, pakuti kumeneko boma la Belgium linali kulanda ana otere m'manja mwa amao ndi mphamvu, ndi kuwatsekera m'nyumba za mishoni. Mu 2019 nduna yaikuru Charles Michel inapepesa, ndipo mu December 2024 bwalo la apilo la ku Brussels linagamula, pa mlandu wa amai 5 okalamba amene analandidwa ali aang'ono, kuti cimene cinacitika cinali mlandu wolakwira umunthu. Tisabise kuti makiyi a nyumba zimenezo anali m'manja mwa anthu ochula dzina la Kristu.

Pa 24 October 1964 zikwangwani zinazulidwa. Tinaphunzira kupfuula kuti Zambia ali mmodzi ndi mtundu uli umodzi. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndi kuno ku Avondale, lero akhala ali yense amene thumba lace limlola. Tikadayembekeza kuti funso la Farao linapita pamodzi ndi atsamunda. Koma abale, funsolo linangosintha malaya. Kale linali kufunsa khungu. Tsopano lifunsa pfuko ndi magazi, ndipo olifunsa ndife.

Tiyerekeze cinthu cimene akuru a mpingo ali yense wa m'Lusaka anacionapo. Mnyamata Mcewa wa ku Katete abwera kuno kudzagwira nchito, akomana ndi mtsikana Mngoni wa kwa Mpezeni, kapena Mtumbuka wa ku Lundazi. Akwatirana m'chalichi, abala ana atatu, amanga nyumba ku Chelstone. Ndiye imfa ilowa, monga inalowera m'nyumba zosawerengeka kuyambira zaka za m'ma 1980 pamene matenda a Edzi anafika, nitenga onse awiri. M'mawa mwace mwa tsiku loika maliro abale akhala pansi. A kucimuna anena, "Kwathu ana nga kucikazi. Mwamuna ndi tambala cabe, anapiye atsata thadzi. Afuneni atsibweni ao." A kucikazi ayankha, "Iai, kwathu ana nga kucimuna. Malowolo tinalandira, mwana wathu anacoka m'khola mwathu, ana nganu." Onse awiri anena zoona monga mwa mwambo wao. Pakuti Acewa, Ansenga, Abemba, Atonga, ndi Asoli eni ace a nthaka ino, awerenga mwana ku mbali ya amai. Angoni ndi Atumbuka amwerenga ku mbali ya atate. Kumudzi miyambo iwiriyi sinali kugundana kawirikawiri, popeza munthu anali kukwatira pafupi. M'tauni igundana tsiku ndi tsiku, ndipo pakati pa miyambo iwiri pali dzenje, ndipo ogweramo ndiwo ana atatu aja, amene akhala pakhonde namva mau onse.

Koma cimene cindidabwitsa ndi ici: pa nyumba ya ku Chelstone ija palibe anena kuti nja kucikazi kapena nja kucimuna ndi mtima wakuikana. Galimoto, firiji, mipando ndi ndalama za kunchito zipeza abale mbali zonse ziwiri. Lamulo la 1989 la cuma ca womwalira wosasiya kalata ya masiye linena poyera kuti theka la cumaco nla ana, ndi kuti cotsala cigawidwe kwa wamasiye, makolo ndi ena odalira womwalirayo. Angati alitsata? Ndipo tembenuzani nkhaniyo, atate akhale Mngoni, amai Mcewa, ndi cuma cikhale cambiri: pamenepo mbali zonse ziwiri zikumbukira kuti ana ngao, nizilimbana kufikira ku bwalo la milandu. Mwambo wa makolo unapangidwa kuti mwana asasowe mwini. Ife tausandutsa khomo lothawira, lotseguka kapena lotsekeka monga mwa kulemera kwa katundu.

Ndinene tsopano za iwo amene afuna kutenga mwana wosakhala mbale wao kuti akhale wao. Nchito imeneyi njabwino, ndipo yayamba kuzolowereka pakati pathu. Ku Chelstone kuno kuli nyumba yosungira makanda imene eni ace anaicha House of Moses, potsata nkhani yomweyi ya lero, ndipo makanda ambiri anaturuka m'menemo kunka m'mabanja a anthu a dziko lino. Koma abusa timva mafunso amene anthu afunsa asanapite ku nyumba zotere. Mwamuna ndi mkazi, Akristu abwino, olira mwana zaka 10, akhala pansi nati, "Abusa, tifuna wamkazi, wakhanda, woyererako khungu pang'ono. Ndipo atiuze mtundu wace. Tingatenge mwana wa mbala osadziwa, magazi sanama. Nanga mizimu ya kwao ikamtsata, tidzaipepesa ndi dzina la yani?" Khanda lotoledwa pa siteshoni ya mabasi, kapena losiyidwa pa bedi la cipatala, liribe kalata yonena pfuko lace, ndipo kwa ena kusadziwikako ndiko cilema.

Tsono onani amene atsalira m'nyumbazo caka ndi caka: mnyamata wa zaka 7 amene wapitirira msinkhu wokondweretsa, mwana wacialubino, mwana wopunduka miyendo kapena wosamva, mwana amene amace anathawa nkhondo ku Congo kapena ku Rwanda. Sitinaiwale April wa 2016, pamene mphekesera inayenda m'makomboni a Lusaka, ndipo masitolo a anthu a ku Rwanda anaphwanyidwa ndi kufunkhidwa. Mtima umene unaphwanya zitseko zija sukhala m'komboni mokha, ukhalanso kumayadi, wobvala bwino, nungoti mwaulemu, "Ameneyo ai, tipatseni wina."

Za magazi ndiyankha ndi Malembo, ndi mbiri yathu yomwe. Mneneri Ezekieli, pa mutu 18, akana ndithu kuti mwana asenze mphulupulu ya atate wace. Ndipo Mateyu polemba mndandanda wa makolo a Ambuye wathu sanabise Rahabi, mkazi wa mbiri yoipa wa ku Yeriko, kapena Rute Mmoabu. Ngati magazi osanganiza ali cilema, cilemaco ciri m'nyumba ya Davide. Nanga inu Angoni, amene munyadira magazi anu, kodi simudziwa mbiri yanu? Pamene Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, tsiku lija dzuwa linada, anthu ace anali kale osanganiza ndi mitundu ya m'njira. Ndipo kutsidya kuno anatola ana a Ansenga ndi a Acewa, nawalera m'nyumba zao, nawapatsa zishango. Cifukwa cace Mngoni wa kwa Mpezeni lero alankhula cinenero ca amai ace a Cinsenga, ndipo Cingoni ceniceni catsalira m'nyimbo za ngoma. Njira imene anawo anatengedwa nayo inali ya nkhondo, ndipo sitiitama. Koma pfuko limene linakula ndi ana a eni lisanene lero kuti mwana wa eni sangakhale mwana. Ngakhale Kenneth Kaunda, wobadwira ku Lubwa pakati pa Abemba kwa makolo ocokera ku Nyasaland, amene analamulira dziko lino zaka 27, anafunsidwa funso lomweli atakalamba, pamene lamulo la 1996 linamletsa kuimanso pa cisankho cifukwa ca kumene makolo ace anabadwira. Ngati funsoli silinaope imvi za munthu wotere, lidzamleka bwanji mwana wa pa siteshoni?

Pali kulera kwina kumene ndingokukhudza pang'ono, pakuti eni ace akudziwa. Mwana wa mbale wosauka atengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu. Afika kumayadi. Ana a m'nyumba apita ku sukulu pa galimoto. Iye atsala ndi tsace. Iwo adya patebulo. Iye adya m'khicini zotsala, nagona pansi pafupi ndi citofu. Alendo akafunsa, ayankhidwa kuti, "Ndi kamwana ka kumudzi." Pano palibe Mzungu, palibe mtundu wacilendo, magazi ndi amodzi, koma Ridgeway ndi Kabwata zamangidwanso pansi pa denga limodzi. Akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Ambiri a ife tagwira mbali yakudyayo, ndipo tayamba kudya mwanayo asanakule.

Koma wina adzati, "Abusa, ngati mtundu suli kanthu, bwanji osangopereka ana onsewa kwa ali yense wacuma, ngakhale wa kutsidya kwa nyanja, akakule bwino?" Bwererani ku mtsinje, pakuti nkhani sinathe. Mlongo wace wa khandalo, amene analikuyang'anira ali patali, anasendera nafunsa ngati angakaitane mkazi wa Cihebri woti ayamwitse. Mwana wa Farao anabvomera. Anabwera ndani? Mai wace weniweni wa mwanayo. Ndipo mwana wa mfumu sanangompatsa khandalo, koma analonjeza kumlipira. Taonani nzeru ya Mulungu: cuma ca nyumba ya Farao cinalowa m'khumbi la kapolo, kuti mwana ayamwe bere la amace, namve cinenero ca kwao, nadziwe dzina la Mulungu wa makolo ace. Atakula ndipo anapita ku nyumba ya mfumu. Cifukwa cace, monga Stefano anena pa Macitidwe 7, pofika zaka 40 Mose anadziwa abale ace ndi kumene ali. Mkazi uja anapulumutsa mwana wa mtundu wina osafafaniza mtundu wace.

Apa ndipo ambiri ocita cifundo anapunthwa. Ku America, caka ca 1978 cisanafike, mwa ana 4 ali onse a eni dziko, amene Azungu anawacha Amwenye ofiira, mmodzi kapena kuposapo anali kucotsedwa kwa makolo ace, ndipo ambiri anapatsidwa ku mabanja a Azungu, nakula osadziwa mau amodzi a kwao. M'caka cimeneco anapanga lamulo lakuti mwana wotere ayambe wafunidwira malo pakati pa abale ndi pfuko lace, ndipo bwalo lao lalikuru linalilimbitsa mu 2023. Ana a anthu akuda a kumeneko ali ngati 14 mwa ana 100 a dziko lonse, koma mwa ana 100 ocotsedwa kwa makolo ndi kuleredwa m'manja mwa boma iwo apitirira 20. Atengedwa msanga, nabwezedwa mocedwa, pakuti umphawi wa mai wakuda uwerengedwa ngati kusasamala. Ndipo pafupi pompa, kungodumpha malire a ku Mwami, tonse tinamva za woimba wa ku America, Madonna, amene mu 2006 anatenga kamnyamata m'nyumba ya ana amasiye ya ku Mchinji. Dziko lonse linakangana za iye. Ine cimene cinandikhudza ndi cakuti atate wace wa mwanayo anali moyo, mlimi wosauka amene mkazi wace anamwalira mwana ali wakhanda, nasowa mkaka. Sindiweruza mtima wa mai wolemerayo. Ndingofunsa kuti, pa anthu onse a Mulungu a m'dera lija, panalibe kodi woti acite cimene mwana wa Farao anacita, kulipira mkaka mwana ali kwao?

Kuno kwathu nkhani ndi yomweyo. Pamene boma linawerenga nyumba zosungira ana m'dziko lonse, m'lipoti la 2017, linapeza ana oposa 6,000, ndipo ambiri a iwo anali ndi kholo kapena mbale wamoyo. Cinawafikitsa kumeneko ndi umphawi: kusowa cakudya ndi kusowa za sukulu. Timakonda kunyamula matumba a ufa ndi zobvala zakale pa Khrisimasi kunka ku nyumba zimenezi, ndi kujambulitsa zithunzi. Ndipo sindinena kuti tileke. Koma ndalama yosungira mwana mmodzi m'nyumba yotere ikadafika kwa agogo ace ku Mtendere kapena ku Kalingalinga, kawirikawiri mwanayo sakadacoka pakhomo. Thandizo la ndalama limene boma lipereka kwa mabanja osaukitsitsa, limene linayamba poyesa ku Kalomo mu 2003, ndilo mphotho ya amace a Mose m'masiku athu. Malamulo akale a 1956 a za ana ndi za kutenga mwana, otengera malamulo a ku England, anakhala nafe zaka 66, kufikira lamulo latsopano la ana la 2022 linawalowa m'malo. Ndipo kuyambira 2015 dziko lathu liri m'pangano la ku Hague la ana otengedwa kunka maiko ena. Mzere umene malamulo awa aika ndi uwu: poyamba kholo lithandizidwe, likalephera, abale, akasowa, banja lina la m'dziko lino, kunja kukhale kotsiriza, ndipo nyumba yosungira ana ikhale pongopumira. Pa ici a boma atsata Eksodo 2 koposa ife a mpingo.

Ndipo tisaiwale kuti ife tonse tiri ana otoledwa. Palibe mmodzi m'nyumba muno anabadwa m'banja la Abrahamu. Paulo, polembera Agalatiya pa mutu 4, anena kuti Mwana wa Mulungu anatumidwa kuti ife tilandiridwe ngati ana. Ndipo kwa Aroma pa mutu 11 atifanizira ndi nthambi ya mtengo wa kuthengo yolumikizidwa pa mtengo wa m'munda. Ambuye wathu mwini analeredwa ndi Yosefe, mmisiri wa matabwa, amene anadziwa kuti mwanayo si wa magazi ace, namthawitsa usiku kunka ku Aigupto komwe kuja, pamene Herode anayambanso kuwerenga makanda. Tsiku limene munabatizidwa palibe anafunsa ngati muli Mlozi kapena Mlenje.

Tsono kwa inu akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano, amene mugona pa maliro onse a m'dera lino: pa msonkhano wa abale, masutukesi asanatsegulidwe, mmodzi wa inu aimirire nafunse kuti ana agona kuti usiku uno, ndi kuti adzawalipirira sukulu ndani. Mbali ziwiri zikayamba kuponyerana ana ndi mwambo, akumbutseni lamulo la 1989, ndi kuti nyumba itsata ana. Lembani maina a anawo m'buku la mpingo, pamodzi ndi dzina la wowatenga ndi kumene apita; mukawaone itatha miyezi 3, mukawaonenso citatha caka, ndipo mukafike kufikira m'khicini. Agogo akabvomera kulera koma alibe kanthu, copereka ca osauka ciyambire pamenepo.

Ndipo kwa inu amene muli ndi cipinda copanda munthu: musatenge mwana mwa njira ya mseri, kapena kwa munthu wofuna ndalama, pakuti kumeneko ndiko kugula munthu. Pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Adzakufunsani mafunso ambiri, adzabwera kudzaona pakhomo panu, mudzayamba mwamlera mwanayo nthawi ndithu iwo alikuyang'anira, ndipo potsiriza bwalo la milandu lidzalemba kuti ngwanu. Akakuonetsani mnyamata wa zaka 7, kapena wa khungu losiyana ndi lanu, musafulumire kuyang'ana kumbali. Mukamtenga, musambise kumene anacokera, kuti angadzamve kwa anansi pa tsiku la mkangano. Dzina limene amace anamucha, ngati lidziwika, lisungeni pamodzi ndi lanu. Ngati amace anali Mlozi, funani Mlozi wa mumpingo muno amphunzitse kupereka moni ndi kuomba m'manja monga acitira kwao. Ndipo akakula, nafuna kukaona manda a anthu ace, mpatseni ndalama ya basi ya ku Mongu, ya kupita ndi ya kubwera.